Mchona wokhala m'foni zathu

Ku Mabvuku, kum'mawa kwa Harare, mwana wa mlongo wanga amakonza mafoni pakhonde la nyumba imene agogo athu anapatsidwa atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'makomo a azungu. Tsiku lina ndinampeza atalumikiza foni yokana kuyaka bwino ku laputopu yake yakale. Analemba mawu awiri okha, adb shell, ndipo pagalasi lakuda panaoneka kachizindikiro ka dola, kudikira lamulo. Nditamfunsa kuti akulankhula ndi yani, anati akulankhula ndi foni. Ayi ndithu. Amene ankamuyankha ndi pulogalamu yotchedwa mksh, mchona weniweni amene makolo ake anasamuka kangapo asanafike pakhonde limenelo.

Shell, mawu otanthauza chigoba, ndi pulogalamu imene imalandira malamulo olembedwa ndi munthu n'kuwapereka ku mtima wa kompyuta. Ili ngati mneneri wa pabwalo la mfumu: iwe ulankhula kwa iye, iye afikitsa. Yoyamba ya Unix analemba ndi Ken Thompson mu 1971 ku Bell Labs, ku America. Mu 1979 inalowedwa m'malo ndi ya Stephen Bourne, imene inali ndi mphamvu yoti munthu alembe malamulo ambiri m'fayilo imodzi, kompyuta n'kumawatsata yokha. Koma zonsezi zinali chuma cha kampani ya AT&T. Wofuna kuona m'kati mwake, kusinthamo kapena kugawirako mnzake ankafunika chiphaso, ndipo ife ana a machona tikudziwa bwino chimene chitupa chimachita ndi miyendo ya munthu.

Richard Stallman atalengeza ntchito ya GNU mu 1983, cholinga chinali kumanga dongosolo lonse longa Unix lopanda chitupa chotero. Dongosolo lopanda shell n'ngati mudzi wopanda bwalo, choncho bungwe la Free Software Foundation linalemba ntchito Brian Fox, ndipo mu June 1989 anatulutsa bash. Pafupifupi masiku omwewo Kenneth Almquist anatulutsa yake, yaing'ono ndi yopepuka, imene imatchedwa ash. Anthu olankhula Chingerezi akhala akukangana zaka zambiri chifukwa liwu lawo limodzi limanena za mtengo ndi za ufulu womwe. Ife vuto limenelo tilibe: chaulere ndi china, chaufulu ndi china. Bash ndi yaufulu, pakuti chiphaso chake cha GPL chimalola aliyense kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa, malinga wolandirayo asamanidwe ufulu womwewo. Kukhala yaulere kunangotsatira pambuyo.

Ufulu umenewu ndiwo unaipatsa miyendo. Mu August 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, polengeza za dongosolo lake limene linadzakhala Linux, anatchula kuti anali atasamutsiramo kale bash pamodzi ndi gcc. Nayo ash inalowa mu BSD m'malo mwa ya Bourne. Mu 1997 Herbert Xu anaitenga ku NetBSD kupita nayo ku Linux, ndipo mu 2002 inalandira dzina latsopano, dash. Mbadwa ina ya ash imakhala mu BusyBox, m'timabokosi tambiri ta intaneti timene timaphethira nyali m'masitolo a ku Highfield ndi Glen View, eni ake osadziwa n'komwe.

Kusamutsa pulogalamu si kungoikopera. Makina atsopano ali ndi malamulo awo a kasungidwe ka mafayilo, katumizidwe ka zizindikiro ndi kayendetsedwe ka galasi lolembapo, ndipo wosamutsa ayenera kusoka paliponse pamene pang'ambika. Chitsanzo chili m'manja mwathu. Mafayilo a malamulo ambirimbiri amayamba ndi mzere wonena kuti shell ipezeka pa /bin/sh kapena /bin/bash. Koma pulogalamu ya Termux, imene imabweretsa bash pa Android, siloledwa kumanga nyumba pamalo amenewo. Imakhala m'kachipinda kake, /data/data/com.termux/files/usr. Choncho anaipangira kachida kokonza mzere woyambawo kuti uloze kumene mlendoyo akukhaladi. Agogo athu nawonso makalata ochokera ku Dedza ankawafika kudzera pa keyala ya bwana.

Kuipeza kunali nkhani ina. Ufulu unalembedwa pachiphaso, koma njira yodzera inali yopapatiza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makalata a pakompyuta mu Harare ankadutsa pa MANGO, malo a FidoNet otumikira mabungwe omwe si aboma, ndipo ankayenda pa waya wa telefoni pa nthawi zoikika. Zambia inalumikizidwa ku intaneti yathunthu mu 1994 kudzera mu ZAMNET, yobadwira ku University of Zambia. M'makomboni zonsezi zinali mphekesera chabe. Chimene chinafika kwa ife ndi chimbale. Ubuntu, imene anayambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, inkatumiza ma CD papositi kwaulere kwa aliyense wopempha, mpaka ntchitoyo inatsekedwa mu 2011. Langa linadutsa m'manja mwa anthu ambiri moti pobwerera linali lokalika ngati mbale ya ana. M'menemo munali onse awiri: bash yolankhula ndi munthu, ndipo kuyambira 2006, dash yogwira ntchito za kuseri chifukwa cha liwiro lake.

Sindinganene kuti mbiriyi ilibe chipsera. Mu September 2014 panapezeka chiboo mu bash, chotchedwa Shellshock, chimene chinakhalamo kuyambira 1989, pamaso pa aliyense wofuna kuwerenga. Pulogalamu imene dziko lonse linkatsamira inkasamalidwa kwenikweni ndi munthu mmodzi, Chet Ramey, pa nthawi yake yopuma. Kwa ine manyazi ake agwera makampani olemera amene anadya zaka zonsezo osalimako.

Nanga mksh uja? Iye ndi wa mtundu wina. David Korn analemba ksh ku Bell Labs kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo popeza inali yotsekeredwa, anthu ena analemba yofanana nayo, pdksh. Kuchokera mu mzere umenewo, kudzera mu OpenBSD, Thorsten Glaser wa ku Germany anakonza mksh, imene Android inaitenga kuyambira pa mtundu wa 4.0 mu 2011. Chiphaso chake sichikakamiza wogulitsa foni kuulula zimene wasinthamo, ndipo makampani amakonda zotero; Apple nayo inasiya bash n'kutenga zsh mu 2019.

Nditamfotokozera mphwanga zonsezi, anandiyankha m'Chishona, chifukwa Chinyanja amangomva koma salankhula. Anafuna kudziwa ngati bash ingalowe m'foni yake ya iye mwini. Tinaika Termux madzulo omwewo, mothamanga, batire ya laputopu ili pafupi kutha ndipo magetsi asanabwere.