Jeep yakana kufa

Chaka chilichonse mu June, misewu ya ku Normandy m'dziko la France imadzala na mamotoka a asilikali amene anapangidwa ambuye athu akali anyamata. Ambiri oyendetsa si asilikali iyayi. Ni aphunzitsi, alimi na amakanika amene anagula chimotoka chadzimbiri n'kuchikonza kwa zaka mpaka injini yalira. Amabwera kudzakumbukira tsiku la 6 June 1944, pamene asilikali a America, Britain na Canada anatsikira pa gombe limenelo. Motoka imene imaoneka kwambiri pa mzere umenewo ni Jeep. Nanga motoka yopangidwa mothamanga kuti ikathere ku nkhondo ikali kuyenda bwanji mpaka lelo?

Nkhani iyambira mu 1940. Hitler anali atalanda France, ndipo akuluakulu a asilikali ku America anaona kuti afunika kamotoka kopepuka, kokoka na mawilo onse anayi. Anatumiza pempho ku makampani 135, na lamulo lakuti motoka yachitsanzo ifike m'masiku 49 chabe. Kampani yaing'ono yochedwa American Bantam ya ku Butler, Pennsylvania, ndiyo inakwanitsa. Katswiri wina, Karl Probst, anajambula pulani m'masiku ochepa, ndipo mu September chaka chomwecho motoka inaperekedwa. Koma Bantam inalibe mphamvu yopanga mamotoka ambirimbiri, choncho boma linaonetsa mapulani ake kwa Willys-Overland na Ford. Mu 1941 Willys ya ku Toledo, Ohio, inapata nchito yaikulu chifukwa injini yake, yochedwa Go Devil, inali yamphamvu kuposa za anzake. Bantam, mwini nzelu, inatsala kupanga ngolo zokokedwa kumbuyo kwa Jeep. Pofika mu 1945, Willys na Ford pamodzi anali atapanga ma Jeep pafupifupi 640,000.

Chimene chaisunga ni kapangidwe kake kosavuta. Injini ni ya masilinda anayi, malita 2.2. Magiya opita kutsogolo ni atatu, magetsi ni a mavoti 6. Zitseko palibe, thanki ya petulo ili pansi pa mpando wa dalaivala. Nyali zakutsogolo zimatembenuka n'kuunika injini, kuti munthu akonze usiku popanda tochi. Asilikali analamulanso kuti chitsulo cha Jeep ya Ford chizikwana pa Jeep ya Willys, kuti mamotoka awili owonongeka azibala imodzi yoyenda. Mnyamata wochoka ku famu, ali na sipanala, pulayasi na buku la malangizo, anali kuidzutsa m'matope. Mabuku amenewo akali kusindikizidwa, ndipo ni amene okonza a masiku ano amatsegula pa benchi.

Wokonza wodziwa nchito sayamba na penti. Amayamba waona manambala a pa chesisi, pa injini na pa tuzitsulo tolembedwa tokhomedwa kutsogolo kwa mpando, kuti adziwe kampani na chaka. Kenako amamasula zonse mpaka patsale chesisi yokha. Dzimbiri limakonda pansi, chifukwa m'mipanda yolimbitsa bodi anaikamo matabwa amene amasunga madzi. Ngati Jeep ni ya Ford, mavuto amachuluka: kampaniyo inali kudinda chilembo F pa zitsulo zake zambiri, ngakhale pa mitu ya mabauti, ndipo ena amasakila bauti imodzi yotero kwa miyezi. Ikatha kukonzedwa, nchito siinathe. Ifunika girizi kawirikawiri, ifunika kulizidwa na kuyendetsedwa, chifukwa ikangokhala petulo imaonongeka ndipo mabuleki amagwira. Ilibenso malamba, ndipo pa kona imagubuduka msanga ukaithamangitsa.

Pakati pa okonza pali mkangano wosatha. Ku France, kampani ya Hotchkiss inapitiriza kupanga Jeep yofanana kuchokera m'ma 1950 mpaka m'ma 1960. Ku Philippines, kumene ma Jeep osiyidwa na asilikali anasanduka mabasi ochedwa jeepney, kampani ya MD Juan imapanga mabodi atsopano. Manje ngati bodi yachoka ku Philippines, injini ku France, ndipo cha mu 1942 ni chesisi chabe, motokayo ni yakale kapena ni yatsopano? Ena amafuna iwale monga yachoka ku fakitale dzulo. Ena amati chigamba chimene msilikali anawotcherera ni mbiri, usachichotse. M'mabungwe monga Military Vehicle Preservation Association, imene inayamba ku America mu 1976, onse awili amaimika mamotoka awo pa bwalo limodzi.

Mwina mukamba kuti izi ni za azungu a ndalama. Koma nkhondo imeneyo inatikhudza. Mukakwera basi ya ku Chilenje mumamva dzina la Burma Road. Ku Lusaka kuli Arakan Barracks, ku Kabwe Chindwin, ku Ndola Tug Argan, ku Chipata Gondar. Onsewa ni maina a malo a nkhondo ku Burma, Somaliland na Ethiopia. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya pa Tug Argan mu August 1940, ndipo mu 1944 anali ku Burma, kumene Jeep inali kunyamula ovulala na zakudya m'njira zimene malole anali kutitimira.

Mwana wa Jeep timamudziwa bwino. Mu 1947 Maurice Wilks wa kampani ya Rover ku Britain anali kuseŵenzetsa Jeep yotsala ku nkhondo pa famu yake ku Anglesey. Motoka yoyeserera imene kampaniyo inapanga inamangidwa pa chesisi ya Jeep, ndipo mu April 1948 Land Rover inaonetsedwa ku Amsterdam. Chitsulo chinali chosowa pambuyo pa nkhondo, choncho bodi anaipanga na aluminiyamu. N'chifukwa chake Land Rover yotayidwa kuseli kwa nyumba imaola chesisi koma bodi ikali yonse. Motoka imeneyi inanyamula ma DC a atsamunda, apolisi, amishoni, ndiponso omenyera ufulu. Pa Chilenje House 394, pamene Kenneth Kaunda anakhala kuchokera mu 1960 mpaka 1962, pali Land Rover imene anali kuyendera pa nthawi yomenyera ufulu.

Imeneyo inapulumuka chifukwa mwini wake anakhala pulezidenti. Zinzake, za pa mishoni, za pa boma, za m'mafamu, zimathera pa sikelo ya wogula sikilapu, amene amafunsa makilo, osati chaka. Luso si ndilo lasowa. Makanika wa mukomboni amene amadzutsa minibasi yakufa pansi pa mtengo amachita nchito imodzimodzi na mzungu wa ku Normandy, ndipo nthawi zambiri na zitsulo zochepa. Kusiyana ni kwakuti mzunguyo amalemba manambala, amasunga zithunzi, amafufuza amene anaiyendetsa.

Izi sizifuna ndalama. Ngati kwanu ku mudzi kuli Land Rover kapena lole yakale imene nkhuku zimaikiramo mazila, ijambuleni pa foni. Pukutani chesisi, mulembe nambala. Khalani pansi na ambuye, muwafunse kuti inabwera liti, inanyamula ndani, inafera pati. Ngakhale mawa abale agwirizane zoigulitsa, wa sikilapu adzatenga chitsulo chabe.