Madzi ndi Moto: Mbiri ya Luso Lodzutsa Galimoto Zakale ku Nkaya

Galimoto yakale ya petulo ikafa, amakaniko a m'dera la Nkaya ndi Balaka ankayamba ndi mafunso awiri: ngati madzi akuzungulira mu injini, ndiponso ngati moto ukufika ku mapulagi. Luso losamala mbali ziwirizi ndilo linayendetsa galimoto za ku Ulaya ndi ku Japan kwa zaka zambiri m'chigwa cha Shire, ngakhale eni mafakitale atasiya kalekale kupanga mitunduyo.

Nkaya ndi mphambano ya njanji m'boma la Balaka, lomwe mpaka 1998 linali mbali ya Machinga. Njanji yochokera ku Blantyre, yomwe inafika ku Salima mu 1935, imadutsa pamenepa. Mu 1970 panatuluka ina ya makilomita 101, yowoloka Shire pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, kumene imakumana ndi yopita ku doko la Nacala. Sitima inkatula katundu pa siteshoni, koma kuchoka apo kupita kumidzi, ku mishoni ya Utale kapena kumisika ya thonje, ntchito inali ya ngolo, njinga ndi galimoto zoyenda m'misewu ya fumbi. Magalaja aakulu ndi masitolo a masipeya anali ku Blantyre ndi ku Limbe. Mwini galimoto wa kuno ankadalira makaniko wa pansi pa mtengo, yemwe nthawi zambiri luso analitola ali mnyamata wopatsira masipanala, kapena anabwera nalo kuchokera ku magalaja a boma, a njanji ndi a m'maesiteti.

Galimoto zomwe zinaphunzitsa amisiriwa ndi zodziwika: Land Rover, yomwe inayamba kupangidwa mu 1948, malole a Bedford, Peugeot 404 ya mu 1960 ndi mng'ono wake 504 wa mu 1968, kenaka mapikapu a Datsun ndi Toyota omwe ambiri anathera pa ntchito ya matola. Zonsezi zinapangidwa moti munthu wa zida zochepa angathe kuzimasula ndi kuzibwezera.

Injini ikamagwira ntchito imatentha kwambiri, ndipo madzi ndiwo amachotsa kutenthako. Pampu yoyendetsedwa ndi fani belti imakankha madzi kudutsa m'njira za mkati mwa injini kupita ku rediyeta, kumene amatsika m'timapaipi tambirimbiri mphepo ikuwaziziritsa. Pakati pa injini ndi rediyeta pali themositati, kachitseko komwe kamatseguka madzi akatentha kufika pa madigiri 80 ndi kupitirirako pang'ono. Chitsekerero cha rediyeta nacho chili ndi ntchito yoposa kutseka: chimapanikiza madzi kuti asawire msanga pa madigiri 100. Chikafooka, galimoto imaboila ngakhale zina zonse zili bwino, ndipo anthu ambiri anagula pampu yatsopano vuto lili pa kachitsekerero kotsika mtengo.

Dera la Nkaya silinkachitira chisoni rediyeta. Mu Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo, fumbi ndi udzu zimatseka mipata yodutsa mphepo, ndipo madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zambiri za ku Balaka ndi amchere. Madzi otere akamawira tsiku ndi tsiku amasiya nkhanambo yolimba m'timapaipi, monga imene imamera m'ketulo, ndipo dzimbiri limadya njira za mu injini. Pikapu yodzaza matumba inkayenda bwino m'chigwa, koma ikayamba kukwera zitunda za Machinga kulowera ku Zomba, nthunzi inkatuluka pansi pa boneti. N'chifukwa chake chigubu cha madzi chinali katundu wosasiyidwa pa ulendo uliwonse.

Mwayi unalipo ndi wakuti rediyeta za nthawiyo zinali za mkuwa, zolumikizidwa ndi mtovu. Mmisiri ankasungunula mtovuwo, kuchotsa thanki ya pamwamba, kutokosa kapaipi kalikonse ndi kachitsulo kopyapyala mpaka madzi atadutsa, n'kuwotchereranso. Pofuna kudziwa pamene pakudontha, ankatseka makomo onse, kupopera mpweya ndi pampu ya njinga, n'kumiza rediyetayo m'madzi kuti aone pamene pakutuluka thovu. Kapaipi kobooka kwambiri ankakatseka mbali zonse ziwiri. Njirayi inali yabwino pa timapaipi tiwiri kapena titatu, koma rediyeta ina inkafika potsekedwa tambiri mwakuti sinkaziziritsanso kanthu.

Panalinso njira za pamsewu zomwe madalaivala ankaphunzitsana. Ena ankamata sopo pobooka, ena ankathira dzira laliwisi kapena fodya wopera m'rediyeta kuti zikatseke bowo. Galimoto inkafikadi kunyumba, koma zinthuzi zinkatsekanso njira zabwinobwino. Chizolowezi chofala kuposa zonse chinali kuchotsa themositati n'kuitaya, poganiza kuti inapangidwira maiko ozizira. Injini yopanda themositati imachedwa kufika pa kutentha koyenera, imamwa petulo wambiri, ndipo imatha msanga. Munthu wodzutsa galimoto yakale lero amayamba ndi kuchotsa zotsalira za machenjera amenewa: kutsuka injini ndi rediyeta, kubwezera themositati, kusintha mapaipi a labala ndi belti, ndi kuona ngati gasiketi ya hedi sinapse. Mafuta a injini ooneka ngati osakanizika ndi mkaka, kapena thovu losatha pakamwa pa rediyeta, ndi zizindikiro zakuti yapsa.

Mbali ya moto inali ndi mbiri yakeyake. Njira yomwe galimoto zonsezi zinkagwiritsa ntchito anaikonza Charles Kettering wa ku America, ndipo inayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac mu 1910. Batire limapereka mavolti 12, omwe sangathe kulumpha mpata wa pa pulagi. Koilo ndiyo imawakweza kufika pa mavolti oposa 10,000, ndipo imatero pa nthawi imene mapointi a mu distiribyuta atseguka. Kondensa imateteza mapointiwo kuti asapse, pomwe rota imagawa moto ku pulagi iliyonse motsata ndondomeko, yomwe pa injini zambiri za masilinda anayi ndi 1-3-4-2. Kusemphanitsa mawaya awiri okha kumakwanira kuti injini izingotsokomola.

Mapointi ankatha msanga ndipo ankafuna kusamalidwa pafupipafupi. Mpata wake pa distiribyuta za Lucas, zomwe zinali m'galimoto za ku Britain, ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Makaniko wopanda choyezera ankagwiritsa ntchito kapepala kolimba ka paketi ya ndudu, ndipo mapointi opserera ankawapala ndi sandipepa m'malo mogula ena. Nthawi yoyakira moto ankaitchera ndi khutu, akupotoza distiribyuta pang'onopang'ono mpaka injini italira bwino. Apa ndi pamene madzi ndi moto zimakumana: moto ukamachedwa, injini imatentha mopitirira, ndipo wosadziwa amalimbana ndi rediyeta yosalakwa. Palinso msampha wina kwa amisiri a lero. Galimoto zambiri za ku Britain, mpaka m'zaka za m'ma 1960, zinkalumikiza mbali ya pozitivu ya batire ku thupi la galimoto, mosiyana ndi za masiku ano. Wolumikiza mwachizolowezi amawotcha zipangizo.

Lusoli linakula kwambiri m'zaka za m'ma 1980, ndipo chifukwa chake chinadzera pa njanji yomweyo ya Nkaya. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira ndi ya ku Nacala, moti katundu wa Malawi ankazungulira pamsewu kuchokera ku madoko akutali monga Durban. Masipeya anakwera mtengo ndipo ankasowa. Galimoto yakufa inasanduka nkhokwe ya zida za inzake: koilo ya mtundu wina inkaikidwa pa wina, rediyeta ya lole inkadulidwa kuti ilowe m'pikapu, ndipo gasiketi za pa pampu ankasema pa katoni. Ndi chifukwa chake galimoto zakale zopezeka m'Malawi lero kawirikawiri sizikhala ndi zida zonse zomwe zinabwera nazo.

Nkhondo inatha mu 1992, ndipo m'zaka zotsatira msika unadzaza ndi galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan. Izi zilibe mapointi, moto umayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo rediyeta zake ndi za aluminiyamu zokhala ndi mathanki a pulasitiki, zomwe zikasweka amangosintha. Petulo wa mtovu, yemwe ankateteza mavavu a injini zina zakale, anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006. M'misewu ya kumidzi ya Nkaya, ntchito yomwe inali ya mapikapu yatengedwa kwambiri ndi njinga zamoto za kabaza, zomwe injini zake zimazizira ndi mphepo chabe. Pa mphambano penipeni pakudutsa sitima zazitali za malasha ochokera ku Moatize, pa njanji yomwe kampani ya Vale inamanga kudzalumikiza pa Nkaya m'zaka za m'ma 2010.

Wofuna kudzutsa Land Rover kapena Peugeot yakale masiku ano amatha kuitanitsa mapointi, kondensa ndi themositati kuchokera ku South Africa kapena ku Britain, ndipo ena amachotsa mapointi n'kuika kachipangizo ka magetsi mkati mwa distiribyuta yomweyo. Chovuta kupeza ndi mmisiri wodziwa kuwotcherera rediyeta ya mkuwa ndi kutchera moto, pakuti ambiri odziwa ntchitoyi ndi achikulire, ndipo anyamata a m'magalaja akuphunzira pa galimoto zomwe zilibe zida zimenezi.