Amayi pa Ntchito Yolemba ndi Kusindikiza Mabuku ku England, 1500–1700

Pakati pa chaka cha 1500 ndi 1700, amayi a ku England ankapezeka pa ntchito iliyonse yotulutsa buku: kulemba, kumasulira, kuyendetsa nyumba zosindikizira, kusoka masamba ndi kugulitsa. Mayina awo saonekaoneka patsamba loyamba la mabuku a nthawiyo, n'chifukwa chake olemba mbiri anakhala zaka zambiri akuyesa ntchitoyi ya amuna okhaokha. Komatu tsamba loyamba limangotchula amene lamulo linkamudziwa kuti ndiye mwini, osati onse amene anada m'manja ndi inki. Wofufuza wina, Maureen Bell, atasanthula makaundula akale, anapezamo amayi pafupifupi 300 amene ankachita malonda a mabuku kuyambira 1557 mpaka 1700.

Nyumba yosindikizira ndi malamulo ake

William Caxton ndiye anayamba kusindikiza mabuku ku England, ku Westminster, mu 1476. Kuyambira apo, malo osindikizira ankakhala pakhomo pa munthu. Makina ndi sitolo zinkakhala m'chipinda chapansi, banja n'kumagona pamwamba, ndipo anyamata ophunzira ntchito ankadya ndi kugona m'nyumba momwemo kwa zaka zosachepera 7. Mmisiri wina ankatola zilembo zachitsulo chimodzichimodzi n'kumazindandalika chobwerera m'mbuyo. Pamakina pankaima anthu awiri, wina wopaka inki ndi zibulunga zachikopa zoikamo ubweya, wina wokoka chitsulo chopanikizira. Mapepala, amene ankapangidwa ndi nsanza za nsalu ndipo ambiri ankachokera ku France, ankawanyowetsa kaye, ndipo akasindikizidwa ankawayanika pazingwe. Akauma mpamene ankawapinda, kuwasanja ndi kuwasoka. Ntchito yomalizayi, pamodzi ndi kuima m'sitolo, kusunga buku la ngongole ndi kudyetsa antchito, nthawi zambiri inkagwera mkazi wa mwini nyumba, ana ake aakazi ndi atsikana antchito.

Mu 1557 Mfumukazi Mary I inapatsa bungwe la Stationers' Company mphamvu zoyang'anira ntchito yosindikiza. Membala wa bungweli akalembetsa buku m'kaundula wake, wina analibe ufulu wolisindikiza. Amayi analibe mpando mu komiti yoyendetsa bungweli, ndipo mwa lamulo la dziko, katundu wa mkazi wokwatiwa anali m'manja mwa mwamuna wake. Mpata unkatseguka pa umasiye. Membala akamwalira, mkazi wake ankaloledwa kupitiriza ntchito, kusunga ophunzira ntchito ndi kukhala mwini wa mabuku amene mwamunayo analembetsa, malinga asakwatiwe ndi munthu wakunja kwa bungwelo.

Choncho amayi ambiri amatulukira m'zolembedwa maliro atangochitika. Robert Redman, wosindikiza mabuku a zamalamulo ku Fleet Street, anamwalira mu 1540. Pasanathe chaka chimodzi, mkazi wake Elizabeth Pickering anali atatulutsa mabuku oposa 10, ambiri a zamalamulo, ndipo amadziwika kuti ndiye mayi woyamba kusindikiza mabuku m'dzina lake ku London. Mabuku a zamalamulo anali ovuta, osakaniza Chilatini ndi Chifalansa chakale cha m'mabwalo a milandu. Munthu sangaphunzire ntchito yotere ali pachisoni cha miyezi yochepa. N'zachionekere kuti ankaidziwa kale, mwamuna wake ali moyo, kungoti dzina lake silinkalembedwa.

Mu 1586 khoti la Star Chamber linachepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa kukhala ndi makina, ndipo mkazi wamasiye wokhala ndi makina anasanduka njira yachidule kwa mmisiri wofuna kukhala bwana. Joan Orwin anakwatiwa ndi osindikiza atatu motsatizana, John Kingston, George Robinson ndi Thomas Orwin, ndipo wachitatuyo atamwalira mu 1593 anayendetsa yekha ntchito kwa zaka zingapo. Jacqueline Vautrollier ankayang'anira makina a ku Blackfriars mwamuna wake Thomas ali ku Scotland. Thomas atamwalira mu 1587, Jacqueline anakwatiwa ndi Richard Field, mnyamata wa ku Stratford-upon-Avon amene anaphunzirira ntchito m'nyumba momwemo. Field ndiye anasindikiza Venus and Adonis mu 1593, buku loyamba kutuluka lokhala ndi dzina la William Shakespeare. Ena sankasindikiza okha koma ankaika ndalama: Joan Broome analipirira masewero a John Lyly mu 1591 ndi 1592.

Olemba ndi omasulira

Amayi odziwa kulemba anali ochepa. Wofufuza wina, David Cressy, atawerenga masiginecha a m'zikalata zakale, anayerekezera kuti cha m'ma 1640 mayi mmodzi yekha pa amayi 10 ndiye ankatha kulemba dzina lake, pamene amuna anali atatu pa 10. Odziwa kuwerenga anali ochulukirapo, popeza ana ankayamba ndi kuwerenga, ndipo atsikana ambiri ankasiyira pomwepo n'kupatsidwa singano. Kuwonjezera apo, alaliki ndi olemba mabuku a mwambo ankaphunzitsa kuti mkazi wakhalidwe salankhula pagulu, ndipo kusindikiza buku ankakuona ngati kulankhula pamsika.

Khomo limene linali lotsegukako linali la chipembedzo ndi kumasulira. Margaret Roper, mwana wa Thomas More, anamasulira kuchokera m'Chilatini ndemanga ya Erasmus pa Pemphero la Ambuye ali ndi zaka 19, koma bukulo linatuluka popanda dzina lake. Katherine Parr, mkazi womaliza wa Mfumu Henry VIII, anatulutsa buku la mapemphero m'dzina lake mu 1545. Anne Bacon anamasulira mu 1564 buku la Bishopu John Jewel loikira kumbuyo mpingo wa England, ndipo atsogoleri a mpingo analilandira ngati lawolawo. Kumasulira kunkaoneka ngati ntchito yodzichepetsa, koma womasulira ndiye ankasankha buku, ndipo pa nthawi ya mkangano wa Akatolika ndi Apulotesitanti kusankha kokhako kunali kuonetsa mbali.

Nkhani ya Anne Askew imaonetsa mmene mawu a mayi ankafikira kwa owerenga. Askew anamangidwa chifukwa chokana chiphunzitso cha Chikatolika pa Mgonero wa Ambuye, anazunzidwa mu Tower of London, ndipo anawotchedwa ku Smithfield mu July 1546. Ali m'ndende analemba yekha mafunso amene ankamufunsa ndi mayankho ake, achidule, akuthwa, odzala ndi mavesi. Zolembazo zinazembetsedwa kupita kunja, kumene John Bale anazisindikiza mu 1546 ndi 1547. Bale anazipulumutsa ndithu, koma anadula mawu a Askew m'zidutswa n'kulowetsa ndemanga zake zazitali pakatipakati, akumujambula ngati mkazi wofooka amene Mulungu anangomugwiritsa ntchito. Amene wawerenga mayankho a Askew paokha amaona munthu wosiyana ndi ameneyo: wodziwa Baibulo kuposa ena mwa omufunsawo, ndiponso wodziwa malamulo.

Ena analemba zosakhudza mpingo. Isabella Whitney, amene sanali wa banja lachuma, anatulutsa ndakatulo mu 1567 ndi 1573 kudzera mwa wosindikiza Richard Jones. Margaret Tyler anamasulira nthano yachikondi ndi yankhondo kuchokera m'Chisipanishi mu 1578, ndipo m'mawu oyamba anatsutsa zoti nkhani zotere n'zosayenera mkazi, ponena kuti ngati amuna amapereka mabuku awo kwa amayi kuti awerenge, amayi angathenso kulemba. Aemilia Lanyer anatulutsa ndakatulo zake mu 1611, Elizabeth Cary sewero lake mu 1613, ndipo mu 1617 Rachel Speght anayankha m'dzina lake lenileni kabuku ka Joseph Swetnam konyoza akazi. Ogulidwa kwambiri anali malangizo a mayi kwa ana ake: buku la Dorothy Leigh la mu 1616 linasindikizidwa mobwerezabwereza kwa zaka zambiri.

Kusasindikizidwa sikunali kusawerengedwa. M'mabanja apamwamba zolemba zinkayenda pamanja, wina n'kukopera mnzake. Mary Sidney, amene anakonza ndi kutulutsa zolemba za mlongo wake Philip atamwalira, anamalizanso Masalimo a m'ndakatulo amene Philip anawasiyira panjira. Alakatuli monga John Donne anawawerenga n'kuwatamanda, koma anasindikizidwa mu 1823. Mary Wroth, mwana wa mlongo wake wa Mary Sidney, anatulutsa Urania mu 1621, ndipo Edward Denny atadzizindikira m'nthanomo anamunyoza koopsa, mpaka Wroth analemba kalata yonena kuti waimitsa kugulitsa bukulo. Gawo lachiwiri linatsala lolembedwa pamanja. Katherine Philips nayenso anadandaula pamene ndakatulo zake zinatuluka mu 1664 iye asanavomere. Anamwalira ndi nthomba chaka chomwecho, ndipo buku lovomerezeka linatuluka mu 1667.

Nkhondo yapachiweniweni ndi pambuyo pake

Khoti la Star Chamber litathetsedwa mu 1641, ulamuliro pa makina unalobodoka ndipo timabuku tinasefukira mu London. Amayi a m'magulu atsopano achipembedzo, makamaka a Quaker, anayamba kutulutsa maulosi, madandaulo opita ku Nyumba ya Malamulo ndi nkhani za kumangidwa kwawo. Margaret Fell analemba ali m'ndende ku Lancaster kabuku ka mu 1666 kotsimikizira kuchokera m'Baibulo kuti mkazi angathe kulalikira. Ngakhale zinali choncho, zolembedwa ndi amayi zinali pafupifupi buku limodzi pa mabuku 100 otuluka m'zaka za m'ma 1600.

Nkhani za nkhondo yapachiweniweni zinkafika kwa anthu kudzera mwa amayi amene ankatenga timanyuzipepala tambiri kwa osindikiza n'kumagawira ogulitsa m'misewu. Ufumu, umene nkhondoyo inaugwetsa, utabwerera mu 1660, Roger L'Estrange, amene anaikidwa kuyang'anira makina onse mu 1663, anawaika amayi amenewa pa mndandanda wa anthu owalonda. Amene anamusautsa kwambiri anali Elizabeth Calvert wa sitolo ya Black Spread Eagle, pafupi ndi tchalitchi cha St Paul's. Anamangidwa kangapo chifukwa chofalitsa mabuku otsutsa boma, mwamuna wake Giles anamwalira mu 1663, sitolo inapsa pa moto waukulu wa ku London mu 1666, koma sanasiye mpaka imfa yake mu 1675. Lamulo lomwe lija lomana mkazi wokwatiwa katundu linkavutitsanso boma, chifukwa kunali kovuta kuimba mlandu mkazi amene lamulo linkamuona kuti akungotsata za mwamuna wake.

M'zaka zimenezi amayi ena anayamba kudya za cholembera. Hannah Woolley ankalemba mabuku a zophika ndi zosamalira pakhomo kuyambira mu 1661, mzamba Jane Sharp anatulutsa buku la uzamba mu 1671, ndipo Aphra Behn, amene sewero lake loyamba linaonetsedwa mu 1670, anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey mu 1689. Margaret Cavendish, amene sankasowa ndalama, ankalemba za sayansi ndi nthano m'dzina lake kuyambira 1653, ndipo mabuku ake angapo, kuphatikizapo The Blazing World ya mu 1666, anasindikizidwa ndi mayi mnzake, Anne Maxwell.

Bungwe la Stationers' Company linayamba kulandira atsikana ophunzira ntchito m'zaka za m'ma 1660, ngakhale anali owerengeka. Tace Sowle anatenga makina a bambo ake Andrew cha m'ma 1691 ndipo anakhala wosindikiza wamkulu wa a Quaker kwa zaka zoposa 50, mpaka anamwalira mu 1749. Lamulo loti buku lizivomerezedwa lisanasindikizidwe linatha mphamvu mu 1695, ndipo pa 11 March 1702 Elizabeth Mallet anatulutsa The Daily Courant pafupi ndi Fleet Bridge, nyuzipepala yoyamba yotuluka tsiku ndi tsiku ku England. Inali pepala limodzi la nkhani zakunja, ndipo patangopita milungu yochepa inapita m'manja mwa Samuel Buckley.