Madzi a Mvula Amapita Kuti?

Mu 1978 mvula yamphamvu inagwa mu Lusaka, ndipo madzi anagwetsa nyumba zambili m'komboni ya Kanyama. Akulu-akulu amaikumbukilabe ngozi imeneyi. Koma pa nthawiyo n'kuti akatswili atadziŵa kale cifukwa cake madzi amaima pamalo ena.

Mu 1851 George Stokes wa ku Cambridge anapeza lamulo la mmene tinthu ting'ono-ting'ono timamilila m'madzi. Kanthu kakacepa kuŵilikiza ka 10, kamamila mocedwa kuŵilikiza ka 100. Mcenga umakhala pansi m'masekondi ocepa, koma dongo losalala limafuna maola pafupi-fupi 8 kuti litsike masentimita 10 cabe. Ndiye cifukwa ngalande zimadzala mcenga msanga, pamene zithaphwi zimakhala zofiila masiku angapo.

Mu 1856 Henry Darcy, injiniya wa ku Dijon m'dziko la France, anathila madzi m'mapaipi odzala mcenga n'kupima liŵilo lake. Mu 1911 Green ndi Ampt ku Australia analemba masamu oonetsa mmene cinyontho cimatsikila m'nthaka. Ndiyeno mu 1933 Robert Horton wa ku America anafotokoza kuti nthaka ili ndi malile pa kumwa madzi. Youma imamwa mofulumila, koma ikakhuta imacedwa, ndipo mvula yotsala imayenda pamwamba. Masamu amenewa ndi amene makompyuta a mainjiniya amagwilitsila nchito mpaka lelo.

Ndikamaphunzitsa zimenezi m'kalasi, ndimauza ana kuti aganizile pansi pa mapazi awo. Mbali yaikulu ya Lusaka inamangidwa pa miyala ya laimu. Ku Kanyama malo ndi athyathyathya, dothi ndi locepa, ndipo madzi a pansi ali pafupi. M'mwezi wa February nthaka imakhala itakhuta kale. Madzi a m'zimbudzi zokumba amasakanizika ndi a m'zitsime zosaya, ndipo kolela ya 2017 ndi 2018 inapeza njila yotseguka.

Conco, inu acinyamata, munthu akakuuzani kuti kusefukila kwa madzi ndi tsoka cabe, mufunseni ngati nthaka inapimidwa asanagaŵe mapuloti, komanso kuti mcenga anaucotsa liti m'ngalande. Njila zopimila zimenezi zakhalapo kwa zaka pafupi-fupi 100, ndipo makomboni athu ayenela kuzigwilitsila nchito.