Mabuku ophunzirira mapulogalamu olamula zida za m'kati mwa PC

Mapulogalamu ambiri akafuna kuika chilembo pa sikirini amapempha Windows kapena Linux kuti iwachitire. Koma pali luso lina lolankhula mwachindunji ndi purosesa, memore ndi tizipangizo ta pa motherboard, kawirikawiri m'chilankhulo cha assembly kapena C. Mabuku abwino oyambira lusoli ndi akale ndithu.

Gwero lake ndi Technical Reference, buku limene IBM inatulutsa mu 1981 pofotokoza kompyuta yake yoyamba ya PC. Munali zojambula za kalumikizidwe ka mawaya komanso pulogalamu yonse ya BIOS, mzere ndi mzere. Mu 1985 Peter Norton anafotokoza zomwezo m'mawu osavuta mu Programmer's Guide to the IBM PC. Michael Abrash, mu Zen of Assembly Language ya 1990, amaphunzitsa munthu kuyeza liwiro la pulogalamu m'malo mongoganizira. Palinso Interrupt List ya Ralf Brown, mndandanda wautali wa malamulo a BIOS ndi DOS umene unakonzedwa komaliza mu 2000.

Ubwino wa mabukuwa ndi wakuti kompyuta ya nthawiyo inali yochepa moti munthu mmodzi ankatha kuimvetsa yonse. Ikayatsidwa, BIOS imawerenga mabayiti 512 oyamba a disiki n'kuwaika pa adiresi 7C00, kenako imawayendetsa, bola mabayiti awiri omaliza akhale 55 ndi AA. Wophunzira akalemba nambala ya chilembo pa adiresi B8000, chilembocho chimaoneka pakona yakumanzere pamwamba pa sikirini. Zonsezi zimayesedwa bwinobwino pa QEMU kapena Bochs, mapulogalamu otsanzira kompyuta, osaononga kompyuta yeniyeni.

Vuto lake ndi lakuti mabukuwa anakalamba. Thandizo la BIOS limapezeka purosesa ikakhala mu real mode ya mabiti 16 basi, ndipo makompyuta amakono amayaka ndi UEFI m'malo mwa BIOS. Za PCI Express m'mabukuwa mulibemo. Pa za purosesa yamakono, munthu amatsegula Software Developer's Manual ya Intel, ya zigawo zinayi ndi masamba masauzande, yopezeka kwaulere pa intaneti. Ndi buku lofufuzamo mfundo. Woyamba kumene akayambira pamenepo amafooka msanga.

Cholumikiza zakale ndi zatsopano ndi xv6, kapulogalamu koyendetsa kompyuta kamene kanalembedwa ku MIT mu 2006, kokhala ndi buku lake lofotokoza. Wofuna za PC asankhe xv6 ya x86, chifukwa yatsopano inasamukira ku purosesa ya RISC-V.