DZINA LOBWEREKA

Kwathu ku Mvera agogo anga aakazi amasunga kalata ina m'chitini chakale cha tiyi. Idachokera ku Joni. Adailemba ndi bambo awo, koma dzina lomwe lili pansi pake si lapamtundu pathu. Nditafunsa chomwe munthu wamkulu adatayira dzina la makolo ake, iwo adangoti, "Mwanawe, dzina lawolo likadawabweza pa Limpopo."

Mawuwa ndidawamvetsa nditayamba kuphunzira mbiri. M'chaka cha 1913 boma la South Africa lidaletsa migodi kulemba ntchito anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ati poti ambiri ankafa ndi chibayo. Nyasaland idali m'kati mwa chiletsocho. Koma kumudzi msonkho sudaleke, kotero amuna ankapitabe mozemba, wapansi, ndipo ena pofika ankadzitcha anthu a kummwera kwa Mozambique. Dzina lachilendo lidali chiphaso cha mmphawi.

Komatu kubisa dzina sikudayambire ku Joni ayi. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera mu November 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere, Achewa a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adali kale ndi gule wamkulu. Za kudambwe sindinena. Ndinena zomwe aliyense amaona pabwalo: chilombo chikatuluka palibe amafunsa kuti ndi mwana wa yani. Motero chimatha kudzudzula waulesi, wachigololo ngakhalenso wolemera, zomwe mkamwini sangayerekeze kunena ndi pakamwa pake. Azungu atabwera, nawonso adalowa m'bwalo: Simoni, wankhope yofiira uja, ankaseketsa mudzi wonse ndi makhalidwe a anthu omwe masana ankaopedwa.

Ufulu wa 1964 sudathetse mantha. Mu 1968 mudakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisudzo. Ophunzira omwe adayambitsa Writers' Group pa Chancellor College mu 1970 adaphunzira kubisa tanthauzo m'mafanizo, koma dzina lidali poyera. Jack Mapanje adamangidwa mu September 1987 nakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mtolankhani Mkwapatira Mhango adathawira ku Lusaka, komabe mu 1989 adafa pamodzi ndi apabanja ake nyumba yawo itaponyedwa moto. Nchifukwa chake mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992, timakalata tambiri totsutsa boma tomwe tidayenda m'maofesi tidalibe dzina la mlembi. Pa 14 June 1993 anthu adasankha ndale za zipani zambiri.

Wina anganene kuti ndikutamanda mantha. Iyayi. Ndikudziwa kuti m'zaka zomwezo akazitape nawonso ankaneneza anzawo mobisala, ndipo woneneza sankaonekera poti wonenezedwa amuyankhe. Apa makolo adatiposa nzeru. Chilombo chili ndi eni ake. Chikalakwira munthu, mfumu ya mzinda imadziwa kokafunsa. Wobisa dzina popanda womuyang'anira akhoza kulasa mnzake usiku, m'mawa nadzakhala nawo pa maliro.

Tsono tikaona kalata m'nyuzipepala yosainidwa "Wodandaula", tisafulumire kumutcha wamantha kapena ngwazi. Tiyambe tafunsa: kodi akubisala kwa wamphamvu, kapena akubisalira wofooka?

Ngakhale wobisala pa chifukwa chabwino amalipira. Makalata a bambo aja atasiya kubwera, abale adafunsa kwa onse obwerera kuchokera ku migodi. Dzina lakumudzi palibe ankalidziwa, ndipo lobwerekalo lidali la anthu ambirimbiri. Mpaka lero sitidziwa komwe adagona. Agogo akatsegula chitini chija sawerenga dzina lapansilo. Amatchula lenileni, lomwe bambo awo adaphunzira kulemba pa sukulu ya mishoni pa Mvera.