Usana Wautali ndi Kutentha mu Mzinda wa London

M'mwezi wa Juni, pamene ife kuno kwathu timafunda mabulangete awiri ndi kuothera moto m'mawa, anzathu a ku London amakhala ali pakatikati pa chilimwe chao. Tsiku la 21 Juni dzuwa limatuluka kumeneko nthawi ya 4:43 m'mawa, nilikalowa nthawi ya 9:21 usiku. Usana wake ndi wa maola 16 ndi mphindi 38. Koma pofika pa 21 Disembala usana umatsala wa maola 7 ndi mphindi 49 zokha. Ife a ku Lilongwe tingadabwe nazo, pakuti kwathu kusiyana kwa tsiku lalitali ndi lalifupi sikufika maola awiri. Gwero lake ndi lakuti dziko lapansi limazungulira dzuwa litapendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, ndipo London ali kutali kumpoto, pa madigiri 51 ndi theka.

Makolo a Angerezi ankalitchula tsiku la 24 Juni kuti ndilo pakati pa chilimwe. Ndi tsiku lomwenso Eklezia amakumbukira kubadwa kwa Yohane Woyera Mbatizi. Anthu ankayatsa moto waukulu madzulo ake, ndipo linali limodzi mwa masiku anayi a pa chaka olipirira lendi ya nyumba ndi minda. Augustino Woyera anaphunzitsa kuti masiku amayamba kufupika Yohane akabadwa, nayamba kutalika Khristu akabadwa. Motero kutalika kwa usana anthu anakudziwa kalekale. Chimene chinali chosowa ndi njira yodziwira kuchuluka kwa kutentha.

Ntchito yoyeza kutentha inayambika ndi anthu wamba odekha mtima, amene ankaona choyezera chao m'mawa ndi madzulo nalemba m'buku. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri wina dzina lake Gordon Manley anasonkhanitsa zolemba zakalezo, nazikonza kukhala mndandanda wa kutentha kwa chigawo chapakati cha England kuyambira chaka cha 1659. Palibe mndandanda wina woyeza ndi zipangizo pa dziko lonse wautali kuposa umenewu.

Mu London momwemo munali bambo wina wogulitsa mankhwala, Luke Howard, yemwe anapatsa mitambo mayina amene akatswiri akugwiritsabe ntchito lero. Iye anayerekeza kutentha kwa m'kati mwa mzinda ndi kwa m'midzi yozungulira, ndipo m'chaka cha 1818 anayamba kusindikiza buku lake lonena za nyengo ya London. Anapeza kuti usiku mzinda umatentha kuposa kumidzi ndi madigiri pafupifupi awiri. Njerwa ndi miyala zimamwa kutentha masana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, monga momwe mafuwa amakhalira otentha moto utazima kale.

Mafuwa omwewo angatithandize kumvetsa chinthu china. Ngakhale tsiku lalitali lili mu Juni, masiku otentha koposa amadza kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Nthaka ndi nyanja zimachedwa kufunda, ndipo zimapitiriza kusunga kutentha kwa masabata angapo usana utayamba kale kufupika.

Chilimwe cha 1858 chinasintha mzindawu. Masiku amenewo zonyansa za m'zimbudzi zinkathiridwa mu mtsinje wa Thames. Kutentha kwa mu Juni kutapyola madigiri 30, madzi anachepa ndipo fungo linakula kotero kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo, imene ili m'mbali mwa mtsinjewo, analephera kupirira. Anthu osauka anali atafa kale zikwizikwi ndi kolera m'zaka za m'mbuyomo, koma fungo litafika pa mphuno za akuluakulu, lamulo linakhazikitsidwa m'masabata owerengeka. Joseph Bazalgette anapatsidwa ntchito yomanga ngalande zikuluzikulu za pansi pa nthaka, ndipo zambiri mwa izo zikugwirabe ntchito.

Usana wautali nawonso unali ndi mlandu wake. Mmisiri womanga nyumba William Willett anadandaula kuti anthu amagona dzuwa litatuluka kale, nawononga ndalama pa nyali madzulo. M'chaka cha 1907 analemba kabuku kopempha kuti mawotchi azisunthidwa patsogolo m'chilimwe. Ambiri anamseka, ndipo anamwalira mu 1915 asanaone chipatso cha khama lake. Chaka chotsatira, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati ndipo malasha akusowa, boma linavomera, ndipo pa 21 Meyi 1916 mawotchi anasunthidwa ndi ola limodzi. Nthawi za kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa zimene tatchula poyamba zija ndi za wotchi yosunthidwayo.

Tsono tione zimene mabuku oyeza akunena. Pa 29 Juni 1957, ku Camden Square kunafika madigiri 35.6. M'chaka cha 1976, ku bwalo la ndege la Heathrow kutentha kunapyola madigiri 30 masiku 16 otsatizana, kuyambira pa 23 Juni mpaka pa 8 Julayi. Chilala chinakula mwakuti boma linasankha nduna yoona za chilala, Denis Howell, ndipo patangopita masiku ochepa mvula inagwa. Pa 10 Ogasiti 2003, ku Kew kunafika madigiri 38.1. Ndipo pa 19 Julayi 2022, ku Heathrow ndi ku St James's Park kunafika madigiri 40.2, pamene ku Coningsby, kumpoto kwa London, kunafika 40.3. Aka kanali koyamba kuti Britain apyole madigiri 40 chiyambire kuyeza.

Mwina ena anganene kuti madigiri 40 si achilendo kwa anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Inde, komatu nyumba za ku London zinamangidwa kuti zizisunga kutentha m'nyengo yachisanu. Tsiku lija njanji zinapindika, sitima zambiri zinaima, ndipo moto unapsereza nyumba m'mudzi wa Wennington, kum'mawa kwa mzinda. Mkulu wa mzinda Sadiq Khan ananena kuti ozimitsa moto sanatanganidwepo chotero chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A zaumoyo anawerengera kuti m'masiku otentha a chaka chimenecho anthu pafupifupi 3,000 mu England anamwalira kuposa momwe zimakhalira masiku onse, ndipo ambiri mwa iwo anali okalamba.

Tikaika mabuku awiriwa pamodzi, la usana ndi la kutentha, tiona chinthu choyenera kuchisinkhasinkha. Usana wa pa 21 Juni lero ndi wofanana ndi umene Luke Howard anauona. Dzuwa silinaonjezere ola ngakhale limodzi. Koma kutentha kwakwera. Akatswiri akugwirizana kuti chochititsa chachikulu ndi mpweya wochokera ku malasha ndi mafuta amene anthu tatentha kwa zaka zoposa 200, umene umatsekereza kutentha kuti kusabwerere kumwamba. Popanda anthu aja olemba m'mabuku tsiku ndi tsiku, bwenzi tikungokangana, ena akuti kale kunkatentha koposa, ena akuti ayi.

Mu 1858 London anachitapo kanthu fungo litafika kwa olamula. Kutentha kwa masiku ano kumayamba ndi nkhalamba yokhala yokha m'chipinda chapamwamba, yopanda woiyendera. Amene tili ndi abale ndi ana athu kumeneko, tiwakumbutse kuti Julayi akafika azigogoda pa chitseko cha agogo oyandikana nawo, ndi kuwafunsa ngati amwa madzi.